Makina a khofi amene anatsala pang'ono kuthetsa ukwati

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Nsaru pali amayi ena ogulitsa tomato amene akangondiona amayamba kulira ngati injini: "Drrrrrr!" Kenako amagwa nacho chikhakhali. Ine ndimangopitirira ngati sindinamve, koma mumtima ndimadziwa kuti ndinaziputa dala. Ndiye m'malo moti nkhaniyi muimve kwa anthu a pamsika, amene amathiramo mchere wambiri, bola ndikuuzeni ndekha mwini wakene.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo kwathu ndine mwini mbumba. Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi dzina lake Tiyamike. Bambo ake atamwalira ndinamutenga ali Sitandade 5, ndipo wakulira m'nyumba mwanga mpaka kumaliza sukulu. Akati "atsibweni" amatanthauza ine, ndipo munthu wofuna kumukwatira sangadutse kwina koma pakhomo panga.

Tsono mng'ono wanga amene ali ku Joni anabwera pa Khirisimasi ndi katundu wodzaza galimoto. Ena analandira mabulangete, ena nsapato. Ine, poti ndine wophunzira wa m'banjamo (mawu ake amenewo, osati anga, ngakhale sindinatsutse), anandipatsa makina opangira khofi. Akuda bii, onyezimira, okhala ndi kanyali kobiriwira. Pambali pake panali kabokosi ka tizitini khumi, kachitini kalikonse kongokulirapo pang'ono kuposa chitsekerero cha botolo, kotsekedwa ndi pepala lonyezimira.

"Achimwene, apa mulibe za ketulo," anatero akundionetsa. "Mumaponya kachitini umu, kutseka, kudina apa, khofi watuluka. Kapu imodzi, kachitini kamodzi. Mukatha mumataya."

"Kutaya chiyani?" anafunsa mkazi wanga Naphiri.

"Kachitiniko, alamu."

Naphiri anamuyang'ana ngati wanena zotukwana. Mayi ameneyu sanatayepo chitini chiyambire ukwati wathu. Zitini za majarini za nthawi ya chisankho choyamba chija zikadalipo kukhitchini, china cha mchere, china cha soda, china cha mabatani. Anangoti "Ooo," n'kutuluka.

Tsiku lomwelo ndinayesa kamodzi. Makina anabangula, n'kudontheza tinthu takuda tosafika ndi theka lomwe la kapu. Nditalawa, abale inu, makutu anachita kulira. Kuwawa kwake ngati mankhwala a malungo akale aja. Ndinathira shuga masupuni anayi, ndikumeza misozi ili m'maso, kenako ndinauza onse kuti ndi wokoma kwabasi, kungoti amafuna lilime lozolowera. Ndinawaika pamwamba pa kabati, n'kuwafunditsa kansalu koluka.

Mwezi wotsatira nditapita m'tauni ndinafufuza kumene amagulitsa tizitini tija. Ku Nsaru kuno musavutike n'kufunsa, ku Msundwe ndi ku Namitete chimodzimodzi. Ndinakatipeza m'sitolo imodzi yokha, ya magalasi, ya mphepo yozizira ija. Nditaona mtengo ndinabweza kabokosiko pashelefu mwaulemu, ndi manja awiri, kuopa kungagwe n'kundilipiritsa. Kachitini kamodzi kanali pafupifupi mtengo wa paketi ya shuga, imene kwathu imatitengera sabata yathunthu. Munthu wanzeru akanathera pomwepo. Koma ine ndinatuluka m'sitolomo chifuwa chili patsogolo, ndikudziuza kuti ndiye kuti ndili ndi chuma pamwamba pa kabati.

Chakumapeto kwa Epulo, Tiyamike anabwera mwamanyazi n'kugwada pafupi ndi mpando wanga. Anati pali mnyamata, dzina lake Madalitso, amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo akwawo akufuna kubwera Loweruka kudzaonekera ndi kudzatula nkhani. Mawu amene ndinamva ine ndi awiri okha: "ofesi" ndi "m'tauni". Zoti ndifunse kuti makolo akewo amakhala kuti, amachita chiyani, sizinandifikire n'komwe. M'mutu mwanga ndinawaona kale: anthu a mipanda ya njerwa ndi mageti, odzayang'ana nyumba yanga ya aphunzitsi n'kumakodolana.

"Adzaona kuti kunonso kuli anthu," ndinatero, maso ali pa kabati.

Tiyamike anatsatira maso angawo, n'kuchita mantha. "Atsibweni, chonde, tiyi wamba yemweyu ndi mbatata. Akwanira."

"Iwe, za alendo usiyire akuluakulu."

Naphiri ali pakhomo anangoti, "Aphunzitsi ayamba." (Akamanditchula kuti aphunzitsi m'nyumba, dziwani kuti si ulemu.)

Loweruka linafika. Alendo anali atatiuza kuti abwera atatu. Cha m'ma teni koloko galimoto inaima panja, ndipo anthu anayamba kutuluka. Atatu anatuluka, kenako ena atatu, kenako kumbuyo kunatseguka n'kutulukanso ena atatu akuwongola misana. Patsogolo panali atsibweni a Madalitso, a Mbewe, bambo wamtali wa imvi, atavala suti yotuwa yooneka yodula. Pambali pawo panali azakhali a mnyamatayo, mayi wachikulire wa duku lalikulu. Kuphatikiza ife a kuno, pabalaza tinakhala anthu khumi ndi anayi, ena pa mipando, ena pa mphasa.

Titapatsana moni mmodzimmodzi mpaka kumaliza, ndinaimirira, kuvundukula kansalu kaja ngati nduna ikutsegulira mlatho, n'kuika makina pa tebulo pakati pa anthu. Ndinatsegula kabokosi. Ndimayembekeza tizitini naini, koma munali eyiti. Kamodzi kanasowa. Ndinawerenga anthu, ndinawerenganso tizitini. Ine mphunzitsi wa masamu wa Sitandade 6, ndinaona bwinobwino kuti eyiti ndi fotini sizigwirizana, koma ndinadziuza kuti ena akana. Kodi munamuonapo mlendo wa ukwati akukana chakumwa?

Ndinadina batani.

Drrrrrrrr!

Galu wathu amene anagona pakhomo anadzambatuka n'kuthawira kudimba. Azakhali aja anagwira duku lawo n'kufuula, "Mayo! Chikuphulika!"

"Ayi, mayi, ndi momwe amayankhulira," ndinawalimbitsa mtima, ndikumwetulira ngati mwini ndege.

Kapu yoyamba inatuluka. Makapu athu a alendo ndi aakulu, a maluwa aja, oti munthu akamwa tiyi amayamba thukuta. Khofiyo anangonyowetsa pansi pake. Ndinapereka kwa a Mbewe ndi manja awiri. Anasuzumiramo nthawi yaitali ngati akufuna ndowa yogwera m'chitsime.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Koma ayambe amayi."

Anapatsira azakhali. Azakhali anasuzumiramo, n'kuti, "Iyayi, ayambe eni khomo," n'kupatsira mlongo wanga. Mlongo wanga anati sangayambe alendo asanalandire, n'kupatsira bambo amene anali naye pafupi. Kapu ija inazungulira balaza lonse, aliyense akuisuzumira ndi kuikana mwaulemu, mpaka inabwerera kwa a Mbewe, amene anaiika pa bondo n'kuigwirira.

Apa ndi pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndinachidziwa chibadwire. Kwathu kuno, ndipo zinaoneka kuti kwawonso, palibe amene amaika kanthu pakamwa pemphero lisanachitike, ndipo pemphero silichitika aliyense asanalandire. Amene anapanga makinawa anapangira munthu mmodzi wothamangira ku ntchito, woimirira yekha kukhitchini. Sanaganizeko za a Mbewe, mkulu wa mpingo, atagwira kapu pa bondo kudikira anthu ena khumi ndi atatu.

Drrrrrr. Kapu yachiwiri. Kutsegula, kuchotsa kachitini kotentha (zala zinapsa koma nkhope inamwetulirabe), kuika kena, kutseka. Drrrrrr. Yachitatu. Pa yachisanu madzi anatha m'kathanki kake, kanyali kanayamba kuphethira, ndipo tinadikira kuti atenthenso. Anthu onse maso ali pa makina, ngati tikuonera mpira wa mapenate.

A Mbewe anatola kachitini kamodzi kogwiritsa kale ntchito n'kukatembenuza m'manja. Ndikanakhala ndi maso tsiku limenelo ndikanaona manjawo: ong'aluka, zikhadabo zakuda ndi utomoni wa fodya. Koma ine ndimaona suti.

"Kodi aphunzitsi, kameneka mukatha mumathiramonso wina?"

"Ayi, bambo. Timataya."

"Kutaya, eti?" Anayang'ana azakhali. "Nanga kamodzi kamagulidwa bwanji?"

Apa Satana anandikhala paphewa. Ndinakweza mawu kuti a pa mphasa amvenso. "Aaa, si zambiri. Ngati paketi ya shuga basi."

Wina kumbuyo anatsokomola.

"Ndiye mumamwa pa Khirisimasi pokha?"

"Pa Khirisimasi?" Ndinaseka kuseka kwa anthu a ndalama, kumene ndinali ndisanasekepo. "Tsiku ndi tsiku, bambo. Makamaka Tiyamike. Ameneyo m'mawa kamodzi, madzulo kamodzi. Akapanda kumwa, mutu."

Kukhitchini kunagwa mbale. Ndinamva Naphiri akuti, "Ambuye, tichitireni chifundo." Mwana wa eni ake anali asanalawepo ndi dontho lomwe.

Tizitini eyiti tinatha, anthu sikisi manja ali lende. Ndinatembenukira kukhoma pang'ono, kubisa ndi jekete, n'kubwezeramo kachitini kakale. Kapu ya naini inatuluka yofiirira ngati tiyi wosapsa. Ya teni inali ngati madzi otsukira mpunga. Ya leveni munthu ukanatha kuwerenga maluwa a pansi pa kapu. Mnyamata wina wa kwa alendo analandira yakeyo, kuiyerekeza ndi ya a Mbewe, n'kufunsa ngati ilipo mitundu iwiri.

"Iyo ndi ya achinyamata, yopepuka," ndinatero.

Kwatsala atatu. Ndiye nzeru inandibwerera, nzeru yoti ikanakhala mwana wa sukulu ndikanamubweza Sitandade 1. Ndinathamangira kuchipinda ndi kachitini kamodzi, kukang'amba, kukhuthula zakudazo, kudzazamo masamba a tiyi, n'kutseka ndi pepala lonyezimira la mabisiketi. Ndinamanga m'mbali ndi ulusi. Pobwerera ndinakumana ndi Naphiri m'khonde.

"Abambo, ketulo yawira kalekale. Ndibweretse?"

"Mayi, musandichititse manyazi pamaso pa anthu a m'tauni."

"Chabwino, aphunzitsi. Dzichititseni nokha."

Ndinaponyamo kachitini kanga, kukanikiza chotsekera ndi mphamvu chifukwa chimakana, n'kudina. Makina anayamba drrrr, kenako mawu anasintha, anayamba kubuula ngati ng'ombe yodwala. Kanyali kobiriwira kanasanduka kofiira. Ndinawerama kuti ndione chavuta n'chiyani, a Mbewe nawo anawerama kuti andithandize kuona.

Phwaaa!

Masamba a tiyi kumaso kwanga, pa tayi, m'mphuno. Masamba a tiyi pa suti yotuwa ya a Mbewe, kuyambira pa kolala mpaka pa thumba. Azakhali anali atafika kale panja, kapu ili m'manja, osataya ndi dontho limodzi. Ndinayamba kupukuta a Mbewe ndi kansalu koluka kaja, ndipo m'malo mochotsa ndimangopaka.

"Musavutike, aphunzitsi," anatero modekha. "Mwina tingopemphera, atatu otsalawo Mulungu awaona."

Tinatseka maso. A Mbewe anapemphera bwino kwambiri, ndipo pofika pa chakumwa anati, "Dalitsani, Atate, ichi chili m'makapumu, chimene Inu nokha mukuchidziwa." Ameni anamveka wamphamvu. Kenako anthu anamwa. Khofi wa a Mbewe anali atadikira pafupifupi ola, wozizira ngati madzi a mumtsuko, ndipo ine m'chipwirikiti chija ndinaiwala kutulutsa shuga. Bambo aja anameza kamodzi, diso limodzi linatsinzina lokha, n'kunena kuti, "Zikomo. Ndi wamphamvu."

Naphiri sanafunsenso chilolezo. Analowa ndi ketulo yathu yaikulu ija, mkaka, shuga ndi beseni la mbatata, Tiyamike akumuthandiza maso ali pansi. M'mphindi zochepa aliyense anali ndi kapu yodzaza, ndipo anthu amene ndimati ndi a mageti aja anadya mbatata mpaka beseni linayera.

Ndinati basi zakonzeka, tsopano tilowe m'nkhani. Koma alendo anapempha kuti atuluke kaye panja. Ananong'onezana pansi pa mtengo wa mango nthawi ndithu, wina akuwerenga zala. Pobwera a Mbewe anati, "Aphunzitsi, tabwera, taona, mwatilandira bwino. Nkhani imene tinabwerera ija, tikaganize kaye. Tidzakutumizirani mawu." Anakwera galimoto yawo onse naini n'kumapita, dzina la Tiyamike osalitchula n'komwe.

Ine ndinati vuto ndi suti. Usiku wonse ndi m'mawa mwake ndimangoti ndi suti ija, ndipo ndikalipira kochapitsa. Koma Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, Tiyamike analandira foni kuseri kwa nyumba, ndipo pobwera maso anali ofiira. Sanagwade ulendo uno. Anaima pakhomo.

"Atsibweni, Madalitso akuti akwawo akana. Akuti mkazi womwa mapaketi awiri a shuga pa tsiku iye sangamukwanitse. Akuti ndikamusaukitsa, ndipo ndikadzasowa khofiyo ndidzamuthawa."

"Anthu a m'tauni akuopa khofi?"

"M'tauni muti? A Mbewe ndi mlimi wa fodya ku Nambuma! Madalitso ndi kalaliki, wangoyamba kumene, amakhala chipinda chimodzi cha lendi. Galimoto ija inali ya hayala, anachita kusonkherana." Anapukuta misozi ndi chitenje. "Munandilera ndi tiyi ndi mbatata, atsibweni, ndipo sindinagonepo ndi njala. Munachita nazo manyazi chifukwa chiyani?"

Ndayankhapo mafunso a oyendera sukulu, ndayankhapo makolo olusa, koma funso ili linaposa onsewo. Ndinamva chisoni chenicheni, ndi manyazi oti ndikanatha kulowa pansi pa tebulo. Mwana ndinamulera ndekha, ndipo ndi pakamwa panga pomwe pamamuthawitsira mwamuna.

Naphiri sanakalipe. Anangotenga tizitini tonse eyiti, kutitsuka, kutimanga m'kapepala n'kundipatsa. "Loweruka mupite ku Nambuma. Mukanene zoona zokhazokha, kuyambira pa Khirisimasi. Mukakawonjezera kanthu, musabwerere kuno."

Ndinapita pa njinga yamoto ya kabaza, fumbi mpaka m'mano. A Mbewe ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya, atavala malaya ong'ambika paphewa ndi nkhwaira za matayala. Anandipatsa kampando. Ndinavula chipewa, kumasula kapepala kaja, n'kuyala tizitini pansi ngati umboni kukhoti.

"Bambo, ndabwera kudzaulula. Makina aja ndi mphatso, sindinagule. Chiwalandirireni mpaka tsiku munabwera lija ndinali nditawagwiritsa ntchito kamodzi kokha, ndipo khofiyo ndinamumeza ndi misozi. Tizitini tonse m'moyo wanga ndi timeneti, sindingakwanitse kugula tina. Tiyamike sanalawepo. Amamwa tiyi, ndipo shuga akatha amamwa wopanda shuga osadandaula. Ndinanama chifukwa ndimaganiza kuti ndinu anthu a m'tauni, ndiye ndimaopa kuti mutiderera."

A Mbewe anaika pansi tsamba la fodya limene linali m'manja mwawo. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, anaitana azakhali aja kuchokera kuseri, n'kundiuza kuti ndibwerezenso kuti nawonso amve. Ndinabwereza. Azakhali anakhala pansi n'kumamenya nthaka ndi dzanja. Anabwera anthu a nyumba yoyandikana, ndinabwerezanso kachitatu. (Nkhani inafika pamsika wa Nsaru kudzera njira imeneyi, ine ndisanafike n'kunyumba komwe.)

"Aphunzitsi," anatero a Mbewe akupukuta maso, "poti mwaulula, nanenso ndiulule. Suti ija si yanga. Ndinabwereka kwa mlamu wanga, chifukwa Madalitso anati tikupita kwa aphunzitsi, anthu ophunzira. Mpaka lero sindinabweze. Ndachapa katatu, tiyi wanu sakuchoka."

Tinagwirizana kuti zochapitsa suti ndi zanga. Anandipatsa tiyi m'kapu yachitsulo yodzaza mpaka m'milomo, ndi chinangwa chophika, ndipo tinapangana tsiku loti abwerenso. Pondiperekeza anandigwira mkono n'kunena kuti ali ndi pempho limodzi lokha: pa katundu amene Tiyamike adzatenge popita ku banja, makina aja asadzakhalepo.

Anabweradi, naini omwe aja, ulendo uno pa njinga. Naphiri anaphika tiyi m'ketulo, pemphero linachitika tiyi akadali wotentha, ndipo nkhani inatha bwino dzuwa lisanapendeke. Ukwati unachitika mu Okutobala. Tiyamike anandikhululukira, ngakhale akabwera kudzacheza amandifunsa ngati mutu wake uja ndikuukumbukira. Tizitini tija Naphiri amayezera soda ndi mchere, ndipo akuti pa ntchito imeneyo tilibe tinzake. Makina anabwerera pamwamba pa kabati, pansi pa kansalu kamene kali ndi banga la tiyi.

Mwezi watha tikusuntha kabati kuti tizire pansi, ndinaona kanthu konyezimira pakona. Kachitini kosowa kaja, katsopano, kosabowola. Ndinakaponda ndi phazi mpaka Naphiri atatuluka, kenako ndinakabisa m'thumba la jekete la ku tchalitchi. Ndikudziwa, ndikudziwa, musandiyang'ane choncho. Koma mng'ono wake wa Tiyamike akuti wapeza mnyamata wa ku Blantyre, ndipo akwawo akuti abwera munthu mmodzi yekha.